Ndinaima Kumbuyo kwa Munthu Wina

Makina anga osokera amakhala pakhonde la golosale ina ku Manjawira, moyang'anana ndi msewu waukulu. Ndinawaika pamenepo chaka chimene bambo a mwana wanga anamwalira, matipate atangoyamba kumene, ndipo mpaka lero phazi langa likupondabe pomwepo. Nyengo ya chisankho ndiyo imandidyetsa bwino. Amayi amabwera ndi nsalu za zipani zawo, wina mtundu uwu wina mtundu uwo, ndipo onse pempho lawo limakhala limodzi: nkhope ya mtsogoleri isagwere pamatako. Ndasoka nkhope zambiri ine. Zina eni ake anamwalira, zina anasamukira kuchipani china diresi lisanayambe n'komwe kusuluka.

Mwini golosale sazimitsa wailesi. Ndiye ndikamasoka ndimamva azibambo ophunzira akukangana ngati demokalase yathu ili bwino kapena ikudwala. Wina amati tiyang'ane makhoti, wina amati tione ngati atolankhani akulemba momasuka, wina amati bola wogonja azivomera kuti wagonja. Sinditsutsa, mwina akunena zoona. Koma sindinamvepo ndi mmodzi yemwe akufunsa kuti wovota uja, akachoka kovota, amakapeza zotani kwawo. Ine funso langa ndi limenelo, ndipo ndili ndi chifukwa.

Kwathu tinatsala awiri, ine ndi achimwene anga aakulu. Amayi anabereka ana angapo koma manda anatenga, ndipo bambo atamwalira achimwene ndiwo anasiya sukulu n'kumakasenza matumba a kachewere kumtunda kuti ine ndipitirize. Makina ndikunenawa ndiwo anakandigulira ku Boma, n'kubwera nawo panjinga, akukankha m'zitunda zonse. Mwana wanga wamkazi, yemwe ndi mmodzi yekhayo, anakula akudziwa kuti bambo alibe koma amalume alipo. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba. Mwana wamkazi akapeza banja, akuchimuna safikira kwa mayi ake, amafikira kwa malume, ndipo malumeyo ndiye amakhala nkhoswe, woimira mwanayo pa tsiku la chinkhoswe komanso pa mavuto onse a m'banja mwake. Chaka cha nkhani imene ndikufuna kunenayi mwana wanga anali atapeza mnyamata wa ku Kasinje. Amalume a mnyamatayo anali atafika kale kwa achimwene, atanyamula mpunga wa kwawo, ndipo anapangana kuti chinkhoswe chidzakhale Loweruka lina m'nyengo yozizira, anthu atakolola.

Achimwene ndi munthu wabwino, ndipo amene anganene zina ndikhoza kulimbana naye. Nthawi ya riferendamu ndiwo anandiphunzitsa kukweza zala ziwiri, anthu ena akuopabe kutchula n'komwe liwu loti matipate. Ankandiuza kuti dziko likubwerali munthu azilankhula zakukhosi popanda womutsekera pakamwa. Ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, kungoti sanaganizepo kuti zakukhosizo tsiku lina zidzakhala zokhudza iwo. Vuto lawo ndi limodzi lomwelo, safuna kufunsidwa.

Anthu atawasankha kukhala wapampando wa komiti ya mjigo m'mudzi mwathu, mjigo unkayenda bwino kuposa kale. Ukawonongeka m'mawa, pofika madzulo madzi akutuluka. Koma tsiku lina pamsonkhano mayi wina anafunsa kuti n'chifukwa chiyani nthawi yotsegula mjigo anaisintha osatiuza ife otunga. Funso linali lomwelo basi, ndipo analifunsa mwaulemu, atagwada. M'mawa mwake tinapeza mjigo uli ndi loko, kiyi ali m'thumba la jekete lawo. Anati tiphunzire kaye ulemu. Tinatunga kudambo mpaka mayi uja anakapepesa, ndipo ana a nyumba zingapo anatsegula m'mimba. Ine ndinatunga nawo madzi amatope aja. Nditawauza kuti achimwene apa mwalakwa, anaseka n'kunena kuti, "Iwenso wayamba?"

Ndiye kunabwera chaka chimene makhansala anabwerera, patapita nthawi yaitali tilibe. Achimwene anati aima. M'wodi yathu ofuna kuimira chipani chathu analipo awiri, iwo ndi bambo wina wa chigayo wa mudzi wa patsogolo, choncho panafunika mapulaimale kuti chipani chisankhepo mmodzi. Pamapulaimale savota aliyense, amavota a m'makomiti a chipani okha. Ine ndinali m'komiti ya amayi, ndipo anandilowetsamo ndi achimwene omwewo. Ankadziwa chimene akuchita. Kwa iwo voti yanga inali ngati nkhuku ya pakhomo, yosachita kuisaka.

Amayi a m'komiti tinakambirana pamjigo pomwepo, zidebe zili pamzere. Mayi uja anafunsa funso ndiye anayambitsa.

"Pepani atelala, ndi achimwene anu, koma tinene zoona. Munthu anatikhomera mjigo umodzi. Tikamupatsa wodi yonse atikhomera chiyani?"

"Nenani momasuka," ndinatero. "Kudambo kuja tinali limodzi."

Tinagwirizana kuti tonse tikaima kwa bambo wa chigayo. Sikuti tinkamudziwa bwino ayi. Chimene tinkadziwa n'chakuti ukamudandaulira kuti ufa sunagayike bwino, amaubwezera m'chigayo osakunyogodola.

Ndinayesa kuwauza achimwene. Ndinapita kwawo Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ndinawapeza akupukuta nsapato, ndipo nditangoti, "Achimwene, za mapulaimalezi ndili ndi mawu," anakweza dzanja.

"Za ndale undisiyire ine. Iwe ntchito yako n'kuima kumbuyo kwanga, basi. Wadya?"

Ndinadya, n'kubwerera kunyumba mawu anga ali m'mimba.

Amene sanaonepo mapulaimale a kwathu ayenera kumva mmene amachitikira. Palibe pepala, palibe bokosi. Opikisana amawaimika pabwalo motalikirana n'kuwamanga nsalu kumaso. Kenako ovota amakaima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna, akuluakulu n'kumawerenga pogwira munthu aliyense paphewa. Nsalu ija akuti ndi yoti wopikisana asaone amene akumuvotera, asaopseze anthu ndi maso. Ine nsalu imeneyo ndinaikhulupirira, ndipo amayi tonse aja tinaikhulupirira. Tinkalimbitsana mtima kuti si amakhala atawamanga kumaso? Sitinaganize kuti omangidwa ndi awiri okha, ena onse pabwalopo maso ali pamtunda.

Tsikulo kunali kutagwa mvula, ndipo bwalo la mpira la pasukulu linali matope okhaokha. Akuluakulu ochokera ku Boma anafika dzuwa litapendeka, ife titaimba nyimbo zonse mpaka kuzibwereza. Atafika anazindikira kuti nsalu zomangira aiwala. Wina anafunsa ngati pagululo pali telala. Ndinatulutsa zidutswa m'chikwama changa, zotsala pa diresi la munthu, ndipo achimwene anawamanga ndi kansalu ka maluwa ofiira. Asanawamange anandiyang'ana n'kumwetulira.

Wezulo italira anthu anabalalika, ena uku ena uko. Ine ndinalunjika kwa bambo wa chigayo, ndikuyesa anzanga ali m'mbuyo mwanga. Nditafika n'kucheuka, ndinaona alamu anga, akazi awo a achimwene, ataima pachulu m'mphepete mwa bwalo, manja atapinda pachifuwa, akuyang'ana munthu aliyense wa m'mudzi mwathu. Amayi anzanga aja anawaonanso. Mmodzi anawerama ngati akukonza patapata, podzuka n'kukhotera kwa achimwene. Wina anamutsatira. Mayi wa funso uja anaima pakati kwa kanthawi, khanda lili kumsana, kenako nayenso anapita komweko nkhope ili pansi. Sindimuda. Munda umene amalima ndi wobwereka kwa alamu angawo.

Nthawi yobwerera inalipo. Mizere inali isanakhazikike, ena ankadumphabe uku ndi uku. Ndikanatha kuwerama nanenso, patapata ndinali nazo. Koma miyendo inakana. Sindinene kuti kunali kulimba mtima, chifukwa mantha ndinali nawo. Ndinangoganiza kuti andifunsa kuti woyenera ndani, ndipo yankho ndikulidziwa. Kutsogolo kwanga kunali nkhalamba ya mudzi wina yonunkha fodya, kumbuyo kwanga mayi amene sindinamuonepo. Mzere unali wautali, koma sindinakhalepo ndekha ngati mmene ndinalili pamenepo.

Atawerenga, bambo wa chigayo anapambana, ndipo anapambana ndi anthu ambiri ndithu, moti ngakhale ndikanaima kwa achimwene sizikanasintha kanthu. Anawamasula nsalu ife tidakali pamizere. Achimwene anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana mzere wawo, kuyambira kutsogolo, mmodzimmodzi, mpaka kumapeto. Anabwerezanso. Ndinkadziwa amene akumufuna. Kenako alamu anatsika pachulu paja n'kukawanong'oneza, ndipo maso awo anawoloka bwalo n'kundipeza. Nkhope yawo sinaonetse mkwiyo. Anangooneka odabwa, ngati mwana amene wamenyedwa osadziwa chimene walakwa. Anapinda kansalu kanga kaja bwinobwino n'kupatsa munthu wina kuti adzandipatse.

Kuyambira tsiku limenelo anadula phazi kwanga. Kale akamachokera kumsika ankakhala pabenchi pafupi ndi makina, n'kumandifotokozera mmene dziko liyenera kuyendera, ine ndikungoti eya, eya, singano ikuyenda. Benchi ija inakhala yopanda munthu. Thalauzi lawo litang'ambika analipititsa kwa telala wa kutsidya kwa msewu, munthu wosadziwa n'kuika zipi komwe, ndipo ndinkaliona lili pachingwe tsiku lonse. Tikakumana panjira ndinkanyonyomala n'kupereka moni, iwo n'kuyankha kuti "tilipo" akuyenda.

M'mudzi nkhani inali m'kamwam'kamwa. Ena ankati bambo wa chigayo anandipatsa kenakake. Zimenezo zinkandiseketsa ndekha, chifukwa bamboyo sanandigayirepo ulere ngakhale kambale kamodzi. Ena ankati munthu wokana mlongo wake pagulu akhoza kuchita china chilichonse, musamadye kwake. Pamjigo ndikafika nkhani zinkatha, kumangomveka chitsulo. Mayi wa funso uja anandipeza tsiku lina ndili ndekha n'kunena motsitsa mawu kuti, "Atelala, ifetu tinkangolankhula. Sitinkadziwa kuti inu muchitadi." Ndinamusenzetsa chidebe chake, iye n'kumapita.

Ndinasungulumwa kwambiri miyezi imeneyo. Mwana wanga ankagwira ntchito m'sitolo ku Boma ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, ndiye ndikaweruka ndinkafika m'nyumba yopanda wondifunsa kuti mwaswera bwanji. Ndinkadya choimirira. Kumunda ndinabandira ndekha, pamene zaka zonse ana a achimwene ankabwera ndi makasu awo osachita kuwaitana. Ndikamva phazi pabwalo ndinkatuluka msanga, n'kupeza ndi mbuzi.

Kampeni itayamba, tsiku lina masana ndinamva zimkuzamawu zikuchokera cha ku Boma. Inali lole ya chipani chathu. Inaima pamsika, pafupi ndithu ndi khonde langa. Pamwamba panali bambo wa chigayo, ndipo pambali pake, atagwirana naye dzanja m'mwamba, panali achimwene. Anali atawapatsa udindo woyendetsa kampeni. Anatenga maikolofoni n'kulankhula bwino kwambiri, pajatu pakamwa anawadalitsa. Anati iwo anagonja ndipo anavomera. Anati m'demokalase mulibe chidani, amene munapikisana naye dzulo lero ndi m'bale wanu. Anthu anaomba m'manja, amayi n'kuimba nthungululu. Mwini golosale anatuluka n'kunena kuti, "Mwaona atelala? Uku ndiye kukhwima pa ndale." Ndinavomera, chifukwa zinalidi zoona. Azibambo a pawailesi aja akanakhalapo akananena kuti ku Manjawira demokalase yanenepa. Ine ndinkangoona kuti akuluakulu awiri apanga mtendere pamwamba pa lole, ndipo mlandu wonse watsalira wovota mmodzi pakhonde. Lole inanyamuka, achimwene osayang'ana n'komwe kumene ndinali.

Tsiku la chisankho chachikulu ndinalawirira. Anandipatsa mapepala n'kundilozera kachipinda ka makatoni. Ndinali nditavotapo kale m'makatoni otere zaka za m'mbuyo, osawaganizira n'komwe. Tsiku limenelo ndinalowamo n'kungoima. Kumbuyo kwanga kunalibe chulu, kunalibe alamu. Munali ine, cholembera chomangidwa ndi kachingwe, ndi nkhope zija ndimazisoka. Ndinali ndekha, koma kunali kukhala ndekha kwina, kopanda mantha. Ndinaganiza kuti amene anayambitsa katoni ameneyu ankatidziwa bwino anthufe. Ankadziwa kuti tili ndi achimwene, tili ndi minda yobwereka, tili ndi ana ofuna ankhoswe, ndipo munthu wotere sungamufunse zoona pagulu. Ngati demokalase ili ndi maziko, ine ndikuti ndi katoni ameneyo, ngakhale kuti mvula itamupeza akhoza kunyowa n'kugwa. Ndinachedwamo mpaka mayi woyang'anira anatsokomola. Amene ndinamuchonga sindinauze munthu, ndipo pano sindimulemba. Bambo wa chigayo anapambana, nayamba kutchedwa akhansala, chigayo n'kusiyira mphwake. Sanakhome mjigo wa munthu, komanso sanakumbe watsopano.

Anthu anakolola, kunayamba kuzizira, ndipo akuchimuna anatumiza uthenga wofuna kutsimikiza za tsiku la chinkhoswe lija. Uthengawo unapita kwa achimwene monga mwa mwambo, koma sunayankhidwe. Anatumizanso, kuli zii. Mwana wanga anabwera kuchokera ku Boma maso ali ofiira. Kwa mnyamata kuja anali atayamba kufunsa kuti kodi ndi mtundu wanji umene malume amathawa mwana wa mlongo wake, kapena mtsikanayo ali ndi khalidwe lina limene akutibisira. Nkhoswe yobwereka imapezeka, koma aliyense amadziwa kuti ndi yobwereka, ndipo banja likadzagwedezeka siisiya ntchito zake kudzakuimira.

"Amayi," anatero mwana wanga, "mukanangodwala tsiku la mapulaimale lija. Anthu amadwala."



Ndinagula nsalu ya yunifomu ya akuchikazi, ndipo malaya oyamba kusoka anali a achimwene. Sindinafune tepi, mapewa awo ndimawadziwa. Ndinawakulunga m'pepala n'kupita kwawo masana. Ndinawapeza akutonola chimanga pamphasa ndi alamu. Ndinakhala pansi chapatali n'kupereka moni. Alamu anayankha, iwo ayi.

"Achimwene, ndabwera za mwana."

Anapitiriza kutonola.

"Akuchimuna akudikira mawu anu. Ngati pali wolakwa ndine, mwanayu sanaime pamzere uliwonse."

"Nkhoswe ukuisowa?" anatero osadzutsa mutu. "Si uli naye amene unaima kumbuyo kwake? Pita akakuimire. Galimoto ali nayo."

Alamu anaseka pang'ono, kenako anadzigwira. Ndinadikira kuti mwina pabwera mawu ena. Nkhuku zinkatola chimanga pafupi ndi mapazi anga. Ndinaika malaya aja m'mphepete mwa mphasa n'kutsanzika, ndipo panjira ndinalira poyera, akabaza akundiyang'ana.

Tinakonzekera osadziwa kuti zitha bwanji. Ndinapempha mkulu wina wa kumpingo kuti zikavuta adzaimirire, ndipo anavomera mokayika.

Loweruka lija akuchimuna anafika m'mawa pa kalole, akuimba, atanyamula khasu, nkhwangwa, mphasa ndi tambala womangidwa miyendo. Ife tinali ndi lichero, mthiko, chipande ndi msoti. Pachinkhoswe ankhoswe a mbali ziwiri amasinthana zimenezi pamaso pa anthu, tambala kubwera kuchikazi, msoti kupita kuchimuna, ndipo mbali imodzi ikasowa nkhoswe palibe chimene chingayambe. Anthu anakhala pansi pa mitengo ya mango. Oimba anaimba, anasiya, anayambanso. Mpando wa achimwene unali pamalo pake wopanda munthu, ndipo amalume a mnyamata ankangoyang'ana mpandowo n'kuyang'ana ine. Mwana wanga anali m'nyumba atamufunditsa nsalu pamodzi ndi anzake, ndipo ndinkamva kuti akusisima. Mkulu wa kumpingo uja anabwera kudzandinong'oneza kuti, "Mayi, dzuwa likupita. Ndiimirire?" Ndinati tidikire pang'ono, ngakhale sindinkadziwa chimene ndikudikira.

Kenako galimoto inakhota kuchokera kumsewu, fumbi lili koboo. Inali ya akhansala. Anatsika iwo, anthu n'kuimirira, ndipo kumpando wa kutsogolo kunatsika achimwene. Anavala jekete lawo, koma m'kati mwake munali malaya aja. Ndinakhala pansi pakhonde. Akhansala anazungulira kupereka moni, ndipo atafika pa ine anagwira dzanja langa ndi manja awiri n'kufunsa munthu wa pambali kuti, "Awa ndiye ndani?" Anawauza kuti ndi mayi a mwana. Anati zikomo kwambiri mayi, mwalera bwino, n'kupitirira.

Achimwene anagwira ntchito yawo osaphonya kalikonse. Anapepesa akuchimuna chifukwa chochedwa, n'kuwaseketsa mpaka anaiwala kuti anakwiya. Atsikana ofunditsidwa aja atatuluka, achimwene anawazunguza akuchimuna kuti aloze wawo, anthu n'kumagwa ndi phwete. Analandira tambala, anapereka msoti, anang'amba nkhuku yootcha n'kudyetsana ndi nkhoswe mnzawo. Polangiza anauza mnyamatayo kuti mwana uyu si wamasiye, ali ndi eni ake, ndipo akadzamuzunza adzaonana ndi iwo. Mwana wanga analira, ulendo uno kulira kwabwino. Ine mtima unakhala pansi koyamba chichokere mvula ija, ndipo ndinayamba kudziuza kuti zatha.

Anthu atayamba kudya, ndinawaona akupita kuseri kwa nyumba kukasamba mafuta a nkhuku m'manja. Ndinatenga jagi ndi beseni n'kuwatsatira. Ndinagwada n'kuwathirira madzi.

"Zikomo achimwene. Mwandichotsa manyazi."

"Ndabwerera mwana."

"Ndikudziwa. Komabe zikomo." Madzi anatha m'jagi koma sindinadzuke. "Achimwene, ndifunseko. Amene anakugonjetsani mukuyenda nawo galimoto imodzi. Anthu onse anali pamzere uja mumawapatsa moni. Ine ndiye ndinalakwa kuposa onsewo?"

Ndinkayesa akwiya, pajatu ndinali nditawafunsa funso. Koma analankhula motsitsa mawu, madzi akudontha m'zala.

"Uja ankafuna mpando, inenso ndinkafuna mpando. Zimenezo n'zomveka. Ena aja anawalonjeza zinthu, ena ndi abale ake, ena sandidziwa n'komwe. Zonsezo n'zomveka. Koma iwe sunkafuna kanthu. Ndinafufuza, sanakupatse ngakhale sopo." Anandiyang'ana m'maso, koyamba chichokere tsiku lija. "Iwe unangoona kuti sindikuyenera. Ndipo palibe munthu padziko pano amene amandidziwa kuposa iwe."

"Ndinu achimwene anga," ndinatero. "Zimenezo sizinasinthe."

"Chabwino. Atati andiimikenso mawa pabwalo paja, ukaima kumbuyo kwanga?"

Yankho losavuta linalipo, la liwu limodzi, ndipo panalibe wina womva. Ndinkalifuna ndi mtima wanga wonse. Ndinatsegula pakamwa, koma amene anandilera ndi iwo, ndipo bodza langa amalidziwa ndisanalimalize. Ndinayang'ana m'beseni.

Anadikira ndithu, sindinganene kuti sanandipatse mpata. Kenako anapukutira manja m'jekete.

"Mwana akadzavutika m'banja anditumire uthenga iye mwini, ndidzapita," anatero.

Sanadye. Ndinamva chitseko cha galimoto chikutsekedwa ndidakali chogwada, ndipo ndinadzuka chifukwa akuchimuna anali asanalandire thobwa.

Mwana wanga ali pabanja mpaka lero ku Kasinje. Amalume ake amapita kukamuona, amanyamula ana ake, amabwerako ndi mpunga. Kwanga sanapondeponso. Zoti achimwene ayamba kuvutika ndi miyendo ndinamvera kwa mwana wangayo.